Malo Owala pa Benchi Yachinayi

Dzina lawo lenileni linatsalira pa chiphaso. Mumsewu monsemo, kuyambira kwa ometa tsitsi mpaka kwa owotcherera zitsulo, ankangowadziwa kuti a Ndikubwera, moti ngakhale adzukulu ankaitana kuti “agogo a Ndikubwera” osadziwa kuti akuwanena. Anali kalipentala, ndipo tisanamizane, kalipentala weniweni. Chitseko chopachika iwo sichinkalira. Tebulo lawo munkatha kukwerapo anthu atatu n’kuvina, ilo lili nji. Shedi yawo inali kuseri kwa nyumba, yofolera malata, utuchi wofika m’akakolo, macheka atatu atapachikidwa pa misomali motsatana kukula kwake, ndipo fungo la guluu ndi vanishi linkakulonjerani muli pageti. Pensulo sinkachoka kukhutu kwawo. Akazi awo ankati tsiku la ukwati anachita kuichotsa okha pakhomo pa tchalitchi.

Dzinalo linabadwa chonchi. Lamulungu lililonse m’mawa mayi ankasita malaya oyera a amuna awo n’kuwapachika pa msomali wa kuseri kwa chitseko cha kuchipinda. Akatha kuvala ankatenga chikwama chawo chakuda n’kukaima pakhomo pa shedi, osalowa, kuopa utuchi m’nsapato.

“Bambo, nthawi yakwana.”

“Tsogolani mayi, ndikubwera.”

Sankanama dala ayi. Ponena mawuwo mtima unkakhaladi ukubwera. Koma akalipentala amadziwa chinthu chimodzi: Lamulungu m’mawa ndi pamene eni nyumba amapezeka pakhomo. Mkati mwa sabata ukapita kukapachika chitseko umangopeza loko ndi galu. Komanso matabwa omata Loweruka madzulo amakhala atagwirana bwino Lamulungu m’mawa, akungodikira kupalidwa. Ndiye bambo aja ankati, ndingomasula zopanirazi. Akamasula, ndingopala mbali imodzi. Akapala, galimoto yonyamula katundu yafika, ndingokapachika chitseko chimodzi, mphindi zochepa basi. Belu lachiwiri linkawapeza ali pa makwerero m’nyumba ya eni ake, misomali ili kukamwa. Masana mayi ankabwerako, n’kuchotsa malaya aja pamsomali, n’kuwabwezera m’kabati. Malaya oyera angapo anatha motero, kutha ndi simbi, thupi osaliona.

Musaganize kuti anali munthu wosaopa Mulungu. Anali wobatizidwa, asanadye ankatsinzina, ndipo wotukwana dzina la Mulungu m’shedi mwawo ankatuluka asanamalize. Koposa zonse anali ndi mabenchi. Tchalitchi chatsopano chitamangidwa, zaka makumi awiri ndi zisanu m’mbuyomo, mabenchi onse makumi anayi anapanga ndi iwowa, ndi manja awo, miyezi isanu yathunthu, osalandira kanthu. Ndiye akulu ampingo akabwera kudzawayendera, iwo ankaika chopalira pansi, n’kupukuta manja pa thalauza.

“Akuluakulu, mpingo wonse umakhala pa manja anga sabata iliyonse. Ine ndiye ndikusowa pati? Komanso musaiwale, Ambuye mwini anali kalipentala.”

Tsiku lina mayi anali kuyanika zovala pafupi, ndipo anayankha osacheuka n’komwe.

“Anali, bambo. Koma nthawi itakwana anatuluka m’shedi.”

Akulu aja anaseka mpaka kugwira m’nthiti. A Ndikubwera anaseka nawo, alendo atapita anabwerera ku thabwa lawo.

M’tchalitchimo ankalowamo, inde, koma Lachiwiri kapena Lachinayi, hamala ili m’manja, kukakonza zenera kapena chitseko cha kuchipinda cha abusa. Pa maukwati a ana awo anakhala pa mipando ya kutsogolo. Pa maliro ankaima panja ndi amuna anzawo, maso ali pa bokosi kuona ngati zogwirira zalimba. Pa mabenchi awo aja sanakhalepo ndi tsiku limodzi lomwe.

Chakudza sichiimba ng’oma. Chaka china miyendo ya mayi inayamba kutupa, mpweya n’kumawathera. Mtunda wa kutchalitchi umene ankauyenda mphindi khumi unayamba kuwatengera theka la ola, akupuma pakhonde la ometa, akupumanso pa sitolo ya mankhwala. Adokotala sanazungulire. Anati mtima watopa, mankhwala authandiza koma subwereranso mwakale, ndipo zimene mayi amakonda azichite pano, osadikira.

A Ndikubwera anamva, anagwedeza mutu, ndipo usiku ndi usana zinawapweteka, chifukwa akazi awo ankawakonda zedi. Koma chinenero chimene ankachidziwa bwino chinali cha matabwa, ndiye anayankha ndi matabwa. Anapanga mpando wotsamira wa pabalaza. Anapanga kampando kopondapo mapazi otupawo. Anakhoma chogwirira kuchokera kuchipinda mpaka kubafa. Pomaliza anasema ndodo, yosalala ngati dzira, n’kuipereka monyadira.

Mayi anaitembenuza uku ndi uku.

“Zikomo bambo, ndi yokongola. Kungoti ndodo siyankha munthu akailankhula m’njira.”

A Ndikubwera anayesa ndi nthabwala, anaseka.

Amene sankaseka anali mwana wawo wamkazi, mzime, amene ankakwera mabasi awiri Lamulungu lililonse kuchokera kumene anakwatiwa kuti adzagwire amayi ake mkono. Tsiku lina analowa m’shedi ndi nsapato zake zoyera, utuchi osauopa.

“Bambo, masabata amene amayi atsala nawo oti ayende okha kupita kutchalitchi ndi owerengeka. Mukudziwa zimenezo?”

“Ndikudziwa, mwanangu. Ndingomaliza nyumba ija.”

Nyumba ija inali ya bwana wina wa malole, kasitomala wawo wakale, nyumba ya zitseko khumi ndi zinayi ndi makabati a kukhitchini. Bwanayo ankafuna chitseko chilichonse chipachikidwe iye ali pomwepo akuona, ndipo ankapezeka Lamulungu lokha. A Ndikubwera ndi mwana wawo woyamba, bambo wa ana atatu amene anali atayamba kale kuyendetsa shedi, ankapachika zitseko ziwiri sabata iliyonse.

M’masiku omwewo abusa anatumiza uthenga woti mabenchi atuwa, akufunika vanishi. A Ndikubwera anakondwa. Imeneyi ndiyo inali ntchito ya Mulungu imene ankaimvetsa. Lachiwiri m’mawa ananyamula sandipepa ndi zitini ziwiri, anakapeza mayi a Makiyi atatsegula kale. Mayi amenewa ndi amene ankasesa m’tchalitchi kuyambira chimangidwe, makiyi akulira m’chiuno, ndipo pakamwa pawo panalibe chotsekera ngakhale pamaso pa abusa.

Asanakweche, kalipentala amayamba wawerenga thabwa. A Ndikubwera anayenda benchi ndi benchi, chala chikusisita, akulankhula okha monga mwa chizolowezi.

“Apa pamakhala munthu wolemera thupi, thabwa lachita kupindika. Apa pamakhala mwana wosakhazikika, taonani mmene anakumbira ndi chidendene. Uyu amagona, mutu wake wadetsa chotsamira. Awa akwaya amakanda ndi zikhadabo, abale, vanishi yanga inawalakwira chiyani?”

Mayi a Makiyi ankangoti “eya” kapena “mwalasa”, tsache likuyenda.

Atafika pa benchi yachinayi, mbali ya kumazenera, anaima. Benchi yonse inali yotuwa ngati zinzake, vanishi itatha ndi zovala za anthu. Koma chakumapeto, malo okwana munthu mmodzi, thabwa linali waliwali, ngati alipaka dzulo. Anawerama, anapenda ndi kuwala kwa pazenera, anakanda ndi chikhadabo. Inali vanishi yawo yomwe ija, ya zaka makumi awiri ndi zisanu. Pakati pake panali timizere tinayi tating’ono, ngati pokhala chinthu cha timiyendo tachitsulo.

“Mayi a Makiyi, tabwerani. Kodi pano pamadontha?”

“Denga lathu silidontha.”

“Nanga pali msomali wobaya? Bwanji anthu amapathawa? Tchalitchi chimadzaza mpaka ena kuima m’mbali, ndimamva. Malo abwinobwino ngati awa, pafupi ndi zenera, zaka zonsezi osakhalapo munthu? Kuwononga thabwa kumeneku! Mwini wake ndani?”

Mayi a Makiyi anatsamiritsa tsache kukhoma. Anawayang’ana kuyambira ku pensulo mpaka ku nsapato.

“Mukufunsa zoona, kapena mukundiyesa?”

“Ndikufunsa.”

“Pamenepo ndi panu, bambo.”



“Apa potuwapa pamakhala akazi anu,” anapitiriza mayiwo, akuloza ndi chala. “Apo powalapo pamakhala chikwama chawo. Chiyambire tsiku lotsegulira tchalitchi. Munthu akafunsa kuti pali munthu apa, amati alipo, akubwera. Pa Khirisimasi anthu amathithikana mpaka pakhomo, iwo chikwama chili pomwepo. Chaka china akulu ampingo anawaitana, akuti mayi, chikwama sichimva ulaliki, patsani malo anthu. Iwo anati, nanga akafika n’kupeza palibe malo, abwerera, ndiye mlandu ukhala wa yani? Akulu anangoyang’anana. Kuyambira pamenepo palibe amawavuta. Ngakhale ine posesa ndimapalambalala, ndimangopukuta fumbi. Mumayesa dzina lanuli linachokera kumsewu? Linachokera pa benchi iyi.”

A Ndikubwera anayang’ananso timizere tinayi tija. Sandipepa inagwa m’manja. Popanda kuganiza anakhala pansi, pamalo owala aja.

Anakhala pamenepo kanthawi, akuona zimene akazi awo ankaona sabata iliyonse: guwa, mtanda wa thabwa umene anaupala okha, zenera, ndi chitseko cha m’mbali chimene munthu wochedwa akanalowera. Anazindikira chifukwa chake mayi anasankha benchi imeneyi. Ukakhala pamenepo chitsekocho umachiona osatembenuza khosi.

Kenaka anamva chinthu chikuwabaya kumsana. Anasuntha, chikubayabe. Anatsamira bwino, ndiye kunyanya. Kathabwa kokongoletsa kamene anakakhoma m’mphepete mwa chotsamira, kamene ankakanyadira kwambiri chifukwa anakasema maluwa, kanali kulowa pakati penipeni pa msana.

“Iii! Kodi benchi imeneyi ili chonchi yokha?”

“Onse makumi anayi,” anatero mayi a Makiyi. “Zaka makumi awiri ndi zisanu tikupemphera chowerama, alendo n’kumati mpingo uwu ndi wodzichepetsa. Ndi msana, bambo! Tikanakuuzani bwanji, poti munatipangira ulere? Timati tsiku lina adzakhalapo yekha, adzamva.”

Anaseka, mayi a Makiyi nawo anaseka, koma kuseka kwa a Ndikubwera kunathera m’misozi, ndipo sanaibise. Powapanga anayeza mabenchi aja ndi tepi, anayeza ndi diso, anayeza ndi chala, koma sanawayeze ndi msana wawo. Ndipo mkazi wodwala mtima, wopuma movutika, ankakhala maola awiri kathabwa kaja kakumubaya, pambali pake pali chikwama. Iwo ankati mpingo umakhala pa manja awo. Anamusandutsa Mulungu kukhala kasitomala wopangira zinthu n’kumutumizira, pomwe Iye ankafuna mwini manjawo.

“Wakutsina khutu ndi mnansi,” anatero potsiriza, akupukuta m’maso ndi mkono wa malaya. “Zikomo, mayi.”

“Musandithokoze ine. Ine ndangoyankha funso.”

Sabata imeneyo anakwecha ndi kupaka mabenchi a kumbuyo, koma benchi yachinayi sanaikhudze. Kunyumba sananene kanthu, chifukwa anaona kuti mawu awo anali atatha mtengo kalekale. Loweruka masana anaitana mwana wawo woyamba m’shedi.

“Mawa sindipita ku nyumba ija. Ndipo iwenso usapite m’dzina langa. Tikapachika Lolemba.”

“Lolemba bwana kulibe! Bambo, mwaiwala kuti zatsala zitseko zinayi, ndipo banja lawo likusamukira sabata yamawa? Munthu uja akakwiya sabwerera. Ndi iye amatitumizira anzake onse.”

“Ndikudziwa.”

“Ndiye mutaye kasitomala wa zaka khumi chifukwa cha Lamulungu limodzi? Mudzapita linalo. Tchalitchi sichithawa.”

“Tchalitchi sichithawa, koma amayi ako sadzayenda mpaka kale. Mapanga awiri avumbwitsa, mwanawe. Ine ndavumbwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndikuyesa ndili pouma.”

Anaimba foni okha. Bwana wa malole anakalipa mpaka foni kutentha, akuti akalipentala ndi ambiri m’tauni muno. A Ndikubwera anavomera kuti ndi ambiridi, anapepesa, anatseka foni. Ntchito yawo sanaisiyepo pakati chibadwire.

Lamulungu m’mawa anasamba, anameta ndevu, analowa kuchipinda, anatseka chitseko kuti atenge malaya. Pa msomali panalibe kanthu.

Anaima duu, akuyang’ana msomali uja. Anayesa kukumbukira tsiku lomaliza limene anaonapo malaya pamenepo, ndipo analephera. Mwina mwezi, mwina miyezi itatu. Kaya mayi analibenso mphamvu zonyamula simbi, kaya anangotopa kudikira, iwo sanadziwe, ndipo mantha amene anawagwira anaposa a tsiku la kwa dokotala. Anatsegula kabati, anapeza malaya pansi pa mulu, atapindidwa bwino. Anayatsa simbi. Munthu wodziwa kupala thabwa mpaka kuoneramo nkhope analimbana ndi kolala ngati akulimbana ndi nkhuku yamoyo, ndipo pomaliza kumsana kwa malayawo kunatsala chizindikiro cha simbi, chofiirira, chooneka bwino.

Pamene ankatuluka, mayi anali ataima kale pakhomo pa shedi, ndodo kudzanja ili, chikwama kudzanja linalo, mwana wawo wamkazi ali pambali. Ankalankhula ndi shedi yopanda munthu.

“Bambo, nthawi yakwana.”

“Ndili kuno, mayi.”

Mayi anacheuka. Anayang’ana malaya, anayang’ana nsapato zopolishidwa, anayang’ananso nkhope. Kenaka anatambasula dzanja n’kuchotsa pensulo kukhutu kwa amuna awo.

“Malayawa wawotcha ndani?”

“Ndi simbi yanuyi, ilibe khalidwe.”

“Valani jekete. Musandichititse manyazi.”

Mwana wamkazi uja anabwerera m’mbuyo, akulira ndi kuseka nthawi imodzi, n’kusiyira bambo ake mkono. Anayenda pang’onopang’ono. Pakhonde la ometa anapuma, ometa anatuluka ndi lumo m’manja, kukamwa kuli yasa. Pa sitolo ya mankhwala anapumanso. M’njira monse mayi ankalankhula, za nyumba iyo imene yapakidwa penti, za mtengo uwo umene unadulidwa, za mwana wa uje amene wayamba ntchito, ndipo a Ndikubwera ankayankha chilichonse. Anadabwa kulemera kwa thupi limene linatsamira pa mkono wawo, komanso kupepuka kwake.

Atalowa m’tchalitchi, makosi anatembenuka benchi ndi benchi. Mayi anafika pamalo awo, anakhala, ndipo dzanja, mwa chizolowezi cha zaka zonse zija, linaika chikwama pamalo owala. A Ndikubwera anatsala chiimire m’kanjira. Anawerama.

“Pepani mayi, pali munthu apa?”

Mayi anayang’ana chikwama, anayang’ana amuna awo. Anachinyamula n’kuchiika pamiyendo.

“Alipo. Wafika.”

Kumbuyo kunamveka makiyi akulira, ndi munthu akumina mwamphamvu.

Sikuti kumwamba kunatseguka tsiku limenelo. Nyimbo zambiri sankazidziwa, ankaimirira pamene anzawo akukhala, ndipo kathabwa kaja kanawabaya kuyambira pemphero loyamba mpaka mdalitso. Ulaliki anaumva theka, theka linalo maso anali pa mng’alu wa pa guwa. Koma itafika nthawi yoti aliyense apemphere chamumtima, anamva kunong’ona pambali pawo. Mayi ankapemphera motsitsa mawu, mmene ankachitira nthawi zonse poti pambali pawo sipankakhala womva. Anatchula ana mmodzimmodzi, anatchula adzukulu, kenaka anati, “Ndipo bambo aja, Ambuye, muwagwire dzanja, muwatulutse m’shedi muja, ndisanatseke maso ndidzakhale nawo pano ngakhale kamodzi…” Anaima. Chigongono chawo chinagunda jekete. Kenaka anapitiriza. “Pepani Ambuye, ndi chizolowezi. Zikomo. Zikomo kwambiri.”

Pamenepo mpamene a Ndikubwera anapemphera koyamba ngati munthu wopanda chida m’manja. Sanapeze mawu ambiri. Anangoti mundikhululukire, ndinakupatsani matabwa, ine ndinadzimana.

Bwana wa malole sanabwererenso, ndipo anzake ena anamutsatira. Zitseko zinayi zija anapachika kalipentala wina, ndipo a Ndikubwera akamadutsa pa nyumbayo ankatembenuzira nkhope kumbali, chifukwa chimodzi chinali chopendekeka. Ntchito inachepa m’shedi, nyama inayamba kuoneka mwa apo ndi apo, mwana woyamba anakhala mwezi wathunthu akuyankha ndi mphuno. Koma palibe anagona ndi njala. Makasitomala ena anaphunzira kusiya makiyi kwa oyandikana nawo Lachitatu, ndipo zinapezeka kuti guluu womata Loweruka akhoza kudikira mpaka Lolemba osadandaula. Mkati mwa sabata bambo aja ankapita kutchalitchi ndi chizulo, n’kumachotsa kathabwa ka maluwa kaja benchi ndi benchi, kuyambira yachinayi. Atamaliza onse makumi anayi, abusa analengeza, ndipo mpingo unawomba m’manja kuposa mmene unawombera tsiku lolandira mabenchiwo.

Abusa atafunsa kuti nanga benchi yachinayi bwanji simunaipake, iwo anayankha kuti, “Imeneyo isiyeni, abusa. Pali malo ena pamenepo ndikufuna ndikweche ndekha ndi thalauza.”

Mulungu anawapatsa chaka chimodzi ndi miyezi itatu. Sanaphonye Lamulungu ndi limodzi lomwe. Miyezi yoyamba ankayenda wapansi, kenaka mwana woyamba ankawatula pa galimoto ya katundu n’kuthamangira ku ntchito zake, ndipo chakumapeto a Ndikubwera ankachita kuwanyamula mayi pa masitepe atatu a pakhomo. Anaphunzira nyimbo, ngakhale mawu awo anali ngati macheka osanola. Anaphunzira kuwerenga Mawu madzulo dzuwa lisanalowe, mayi ali pa mpando wotsamira uja, akuwakonza akalumpha mzere.

Lamulungu lomaliza limene mayi anakwanitsa kupita, anthu atatuluka, iwo anatsalira kudikira kuti mpweya ubwerere. A Ndikubwera anaimirira kuti awadzutse. Mayi anasisita thabwa pamene amuna awo anachoka, anapendeketsa mutu molunjika kuzenera monga anaonera akalipentala akuchitira moyo wawo wonse.

“Payamba kutuwa,” anatero, akumwetulira.

Mayi anamwalira Lachinayi masana, patapita masabata atatu, dzanja lili m’dzanja la amuna awo.

Masiku ano a Ndikubwera ndi nkhalamba, maso achita mdima, ndipo m’shedi amangokhala pa kampando kopondapo mapazi kaja n’kumalangiza anthu amene sanawafunse. Wina akawafunsa za mayi, sadandaula nthawi yaitali. Amati anawerengapo kamodzi masabata amene anataya, anapitirira chikwi, ndipo anasiya kuwerenga chifukwa madzi akatayika saoleka. “Koma taganizani,” amatero, “abusa akanatuma kalipentala wina kukapaka vanishi ija, akanangokwecha benchi yonse osafunsa. Ine ndikanamva liti? Ndikanakamva pa maliro, mayi a Makiyi akundiuza pamaso pa bokosi. Munthu wochedwa zaka makumi awiri ndi zisanu n’kupeza malo ake akadalipo! Ine zimenezi sindinazigwirire ntchito. Ndi chifundo basi, ndipo ndidzathokoza mpaka tsiku londiika.”

Shedi tsopano ndi ya mwana woyamba, ndipo manja ake aposa a bambo ake. Makasitomala a Lamulungu achulukanso. M’mawa wa tsikulo nkhalamba ija imavala malaya oyera, imasita yokha, yaphunzira. Imasitanso ena, okulirapo pang’ono m’mapewa, n’kuwapachika pa msomali wa pakhomo pa shedi. Kenaka imaima pamenepo ndi ndodo yosalala ija, osalowa.

“Mwanawe, nthawi yakwana.”

“Tsogolani bambo, ndikubwera.”

Sakalipa. Amadziwa kuti mwanayo sakunama dala. Amayenda okha, amapuma pakhonde la ometa, amakhala pa benchi yachinayi pamalo awo amene tsopano atuwa ngati ena onse. Pamene pankakhala mayi amaikapo chipewa.

Lamulungu lapitali tchalitchi chinadzaza, ndipo mlendo wina wa mwana kumanja anaima m’kanjira n’kuloza chipewacho.

“Agogo, pali munthu apa?”

A Ndikubwera anadzuka msanga n’kumupatsa mlendoyo malo awo. Iwo anakaima kukhoma, atatsamira ndodo, maso ali ku chitseko cha m’mbali. Chipewa anachisiya pomwepo.

“Apo pokha pepani, mayi,” anatero. “Alipo. Akubwera.”